Mwana wa mphumu akupita kusekondale yogonera: kodi kholo liulule matenda ake kusukulu?

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 wasankhidwa kukayamba Fomu 1 kusekondale yogonera komweko, kutali ndi kwathu. Amadwala mphumu kuyambira ali wamng'ono. M'kalata yomuitana muli fomu ya zaumoyo yoti adokotala alembepo, chikalata choti ndisaine kuloleza sukulu kumutengera kuchipatala, ndi lamulo lakuti ophunzira asasunge mankhwala alionse ku hositelo. Achibale akuti ndisatchule za mphumuyo, angamubweze. Nditani, ndipo kholo liyenera kukonza chiyani?

Yankho:

Mayi, lembani za mphumuyo pa fomu, musabise. Mwana amene wasankhidwa chifukwa chokhoza mayeso a Sitandade 8 salandidwa malo chifukwa cha mphumu, khunyu, shuga kapena siko selo. Fomuyo ntchito yake ndi kuuza anthu amene adzakhale naye usiku zoyenera kuchita akadzabanika. Achibalewo akunena mokufunirani zabwino, koma tsiku limene mwana adzayambe kulira m'chifuwa 2 koloko usiku, iwo adzakhala ali mtulo kwawo. Amene adzadzutsidwe ndi amatironi, ndipo ngati sanauzidwepo kanthu adzamupatsa Panado n'kumuuza kuti adikire kuche.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti sick bay ndi chiyani. M'masukulu ambiri ogonera ndi kachipinda ka mabedi ochepa, kabati ya mankhwala a mutu, Thanzi, mabandeji ndi thonje. Masukulu ena, makamaka a mishoni ndi omwe si aboma, ali ndi namwino. Ambiri woyang'anira amakhala amatironi kapena mphunzitsi woona za ogonera, anthu odzipereka koma osaphunzira za udokotala. Ntchito yawo ndi kupereka chithandizo choyamba, kusunga ndi kugawa mankhwala amene adokotala analemba kale, ndi kuzindikira nthawi yothamangira kuchipatala. Malamulo onse amene ali m'kalata mwanumo akuchokera pamenepa: munthu amene si dokotala amadalira zolembedwa. Chimene simunalembe, iye sangachilote.

Pitani ndi mwanayo kuchipatala kumene amalandirako chithandizo kukadali masabata awiri kapena atatu sukulu isanatsegulidwe, mutatenga fomuyo ndi buku lake la kuchipatala. Musapite kwa munthu wongodinda chidindo osamuyeza mwana. Pemphani kuti amuyeze sikelo, chifukwa mlingo wa mankhwala ambiri a ana umatsatira kulemera kwa thupi, osati zaka. Pa fomupo, kapena papepala lapadera lodinda, palembedwe momveka bwino dzina la matenda, dzina la mankhwala alionse amene amamwa kapena kupopera, mlingo wake ndi nthawi yake, zinthu zimene zimadzutsa matendawo, zoyenera kuchita akabanika, ndi tsiku lobwereranso kusikelo ya mphumu. Palembedwenso mankhwala amene amamuwenga. Ngati anatulukapo ziwengo, kutupa milomo kapena kusupuka khungu atamwa Bactrim, Fansidar kapena atabayidwa penisilini, zimenezo zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku lake. Bukulo lipite ndi mwana, chifukwa akapita kuchipatala cha pafupi ndi sukulu adokotala a kumeneko adzafuna kuona mbiri yake. Inu jambulani masamba ake onse pa foni musanalipereke, mabuku amenewa amasowa.

Tsopano lamulo loletsa mankhwala ku hositelo. Lamuloli n'labwino ndipo musalimbane nalo. Ana amabwerekana mankhwala, wina akamva mutu mnzake amangomupatsa chilichonse chimene chili m'sutikesi. Ena amamwa mopyola muyezo pofuna kuchira msanga, ndipo pamakhalanso mwana amene zinthu zamuthina mumtima, amene sayenera kupeza botolo la mapiritsi pafupi. Choncho mapiritsi onse akaperekedwe kwa amatironi tsiku lofika, ali m'mapaketi awo a kuchipatala olembedwa dzina la mwana, osati atasakanizidwa m'kajumbo kamodzi. Muwerengere limodzi, alembe m'kaundula, musainirane.

Koma inhela yotsegula chifuwa, ya salbutamol, imene kawirikawiri imakhala ya buluu, siyenera kutsekeredwa m'kabati. Mphumu ikadzuka, mphindi zimene mwana angataye kufunafuna amene ali ndi kiyi n'zimene zimasiyanitsa kubanika kwapang'ono ndi kugonekedwa m'chipatala. Pemphani adokotala alembe chiganizo chimodzi chakuti mwanayu ayenera kukhala ndi inhela yake nthawi zonse, m'kalasi, kubwalo la masewero ndi pabedi. Kalatayo mukaionetse kwa ahedi, osati kwa amatironi okha, kuti tsiku la chipikisheni cha m'masutikesi asadzamulande. Ngati mungakwanitse, inhela za buluu zikhale ziwiri: imodzi m'thumba mwa mwana, ina ku sick bay.

Ngati amagwiritsanso ntchito inhela yoteteza, monga beclometasone imene nthawi zambiri imakhala yabulauni, werengerani bwino. Inhela yotere imagwira ntchito pokhapokha akamapopera tsiku ndi tsiku, ngakhale masiku amene akupeza bwino, ndipo siithandiza pa nthawi yobanika. Zambiri zimakhala ndi mapafu 200 (pafu ndi kupopera kamodzi). Mwana amene analemberedwa mapafu awiri m'mawa ndi awiri madzulo amatha anayi patsiku, ndiye kuti inhela imodzi imatha m'masiku 50. Teremu ya masabata 13 ndi masiku 91. Imodzi siikwana, pafunika ziwiri. Apa ndi pamene makolo ambiri amagwa: mwana amapita ndi imodzi, imatha pakati pa teremu, iye n'kumangopopera mpweya wopanda mankhwala chifukwa inhela yotha imalirabe ngati ili ndi kanthu. Lembani pa inhelapo tsiku limene wayamba kuigwiritsa ntchito ndi tsiku limene iyenera kutha. Akatha kupopera yabulauniyo azichukucha m'kamwa ndi madzi n'kulavula, kupewa zilonda zoyera za m'kamwa ndi kusasa mawu.

Ana ambiri amapopera molakwika, mankhwala n'kuthera palilime ndi kukhosi. Chothandiza ndi spacer, kachubu kolumikiza inhela ndi pakamwa. Ikasowa m'mafamase, botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito, ndipo madokotala a ana ku Cape Town anayesa njirayi n'kupeza kuti imathandiza mofanana ndi spacer yogula. Boolani kunsi kwa botololo bowo lokwana ndendende kukamwa kwa inhela, litsukeni ndi sopo wotsukira mbale n'kulisiya liume lokha osalipukuta, ndipo mwana azipumira kukamwa kwa botololo. Akabanika akhale tsonga, asagone chagada. Akhutchumule inhela, apopere kamodzi m'botolomo, apume bwinobwino kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, kenako abwerezenso, pafu imodziimodzi, mpaka kufika 10 ngati sakupeza bwino. Ngati pambuyo pake akulepherabe kumaliza chiganizo osapumira, nthiti zikulowa m'kati popuma, milomo kapena lilime zasintha mtundu, kapena wayamba kufooka ndi kusinza, imeneyo si nkhani ya sick bay. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, akupoperabe m'njira. Zimenezi zilembeni papepala limodzi m'Chichewa chomveka, amatironi alimate mkati mwa chitseko cha kabati. Mwana amene akufuna inhela ya buluu koposa kawiri pa sabata, kapena amene chifuwa chikumudzutsa usiku, mphumu yake sinagonje, ndipo akaonedwenso ndi adokotala osadikira holide.

Chinthu china chimene chimaiwalika kwa atsikana: mankhwala a ululu wa msambo. Aspirin, Brufen ndi diclofenac amadzutsa mphumu mwa anthu ena. Ngati mwana wanu sanamwepo, asayambire kusukulu polandira kwa mnzake. Aspirin payekha sapatsidwa kwa ana osakwana zaka 16. Panado ndiye wabwino, piritsi limodzi la 500 mg kwa mwana wolemera makilogalamu 35 mpaka 49, awiri kwa wopitirira 50, pakadutsa maola 6, osapitirira kanayi patsiku. Mankhwala ambiri a chimfine a m'magolosale ali kale ndi paracetamol m'kati, choncho asaphatikize ndi Panado.

Pokambirana ndi amatironi, pemphani zinthu zazing'ono zimene sizifuna ndalama. Mwana apatsidwe ntchito yokolopa m'malo mosesa fumbi kapena kutchetcha, bedi lake lisakhale mbali imene utsi wa kukhitchini umalowera, ndipo atuluke m'chipinda akamapopera mankhwala a udzudzu kapena kuyatsa koyilo. Matiresi akale a ku hositelo amasunga fumbi, ndiye ngati sukulu ikulola apite ndi ake, aziwayanika padzuwa. Miyezi ya June ndi July, makamaka kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje kapena kozizira ngati Dedza ndi Mzuzu, juzi ndi bulangete lokwanira ndi mbali ya mankhwala ake. Masewero asamuletse. Apopere mapafu awiri a inhela ya buluu mphindi 15 asanayambe kuthamanga ngati kuthamanga kumamubanikitsa.

Chikalata chololeza chija sainani, koma muwerenge kaye. Chimapatsa sukulu mphamvu yomutengera mwana kuchipatala ndi kuvomera chithandizo chofulumira inu musanapezeke. Pa ngozi yeniyeni madokotala sadikira kholo kuti apulumutse moyo, koma pa zinthu ngati opaleshoni yosafulumira amafuna kumva kwa inu. Ngati chipembedzo chanu chili ndi zimene chimakana pa chithandizo, zinenedwe tsopano pamaso pa ahedi, zisadzatulukire pakhomo la wodi. Manambala a foni lembani osachepera atatu, ena a TNM ena a Airtel, poti netiweki imodzi imatha kugwa tsiku lomwe mukuifuna. Mmodzi mwa anthuwo akhale wachibale kapena mnzanu wokhala kufupi ndi sukulu, amene angafike kuchipatala tsiku lomwelo n'kukhala gadiyani, chifukwa m'zipatala zathu wodwala wogonekedwa amafuna womudikirira, ndipo mphunzitsi sangasiye kalasi masiku atatu. Mukasintha nambala, dziwitsani sukulu sabata yomweyo.

Funsaninso za ndalama musanachoke. Chipatala cha boma n'chaulere, koma masukulu ambiri ogonera ali pafupi ndi zipatala za mishoni za CHAM zimene zimalipiritsa. Ngati pa fizi pali ndalama ya zachipatala, dziwani chimene imalipira: mankhwala a mu sick bay okha, mafuta a galimoto, kapena ndi bilu ya kuchipatala yomwe. Funsani kuti usiku mwana amanyamulidwa pa chiyani, ndipo dalaivala amagona kuti. Funso limeneli limaoneka lachibwana, koma yankho lake limakuuzani zambiri za sukuluyo kuposa kabati ya mankhwala. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina, khadi la mwana likhale kwa amatironi.

Ngakhale nkhawa yanu ili pa mphumu, chimene chimagoneka ana ambiri m'masukulu ogonera ndi malungo. Neti apite nayo ndipo aziimanga usiku uliwonse, ngakhale anzake aziseka. LA musamupatsire kuti akasunge. Lamulo la zaumoyo m'dziko muno ndi lakuti munthu ayezedwe kaye magazi asanalandire LA, pakuti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Taifodi, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo ndi oumitsa khosi amayamba mofananamo, ndipo mwana amene wangomwa LA mongoganizira amataya masiku atatu matenda enieni akukula. Sukulu yabwino imamuyezetsa mwana wotentha thupi pasanathe maola 24. Akamupeza nawo, wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa mapiritsi anayi nthawi imodzi, kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, onse pamodzi 24: ulendo wachiwiri pakadutsa maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo. Amwere chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka, poti LA salowa bwino m'thupi m'mimba muli pululu. Akasanza pasanathe mphindi 30 abwereze. Vuto la kusukulu ndi lakuti mwana akapeza bwino tsiku lachiwiri amasiya, otsalawo n'kusungira mnzake. N'chifukwa chake mankhwala otere azimwera pamaso pa amatironi. Kusanza chilichonse, kukomoka, kubwebweta, kuuma khosi, maso achikasu kapena mkodzo wakuda ngati Coca-Cola ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala chachikulu.

Makolo ena amene akuwerenga pano ana awo ali ndi matenda ena, ndiye nditchuleko mwachidule. Wa khunyu asadumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi, agone bedi lapansi, ndipo anzake a m'chipinda auzidwe kuti akagwa amugoneke chammbali, asamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo khunyu sapatsirana. Kugwa kopitirira mphindi 5 n'kwa kuchipatala. Wa shuga wobaya insulin amafuna malo ozizira osungira mankhwala, firiji kapena mtsuko wadothi wa mchenga wonyowa, ndi chilolezo choyenda ndi shuga kapena masiwiti m'thumba, komanso kuti chakudya chisamamuchedwere akabaya.

Za HIV zili ndi lamulo lakelake. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa sukulu kukakamiza wophunzira kuyezetsa kuti alandiridwe kapena apitirize maphunziro, ndipo palibe chokukakamizani kulemba za HIV pa fomu imene idutsa m'manja ambiri. Komabe mwana amene ali pa ma ARV amafunika munthu wamkulu mmodzi wodziwa, wosunga chinsinsi, woti azimusungira mankhwala ndi kumupatsa mpata womwera pamalo obisika nthawi yofanana tsiku lililonse. Ana ambiri amasiya mankhwala akafika ku hositelo poopa kuti botolo lilira m'sutikesi anzawo n'kumva. Kambiranani ndi mwanayo kuti asankhe yekha woti auzidwe, ndipo pemphani kukiliniki mankhwala okwana teremu yonse ndi masiku a sikelo ogwera pa holide.

Pakati pa chaka alangizi a zaumoyo amafika m'masukulu ndi makampeni a Unduna wa Zaumoyo. Katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo msinkhu woyenera kulandira ndi zaka 9 mpaka 14. Onani m'buku ngati wanu analandira, ndipo ngati anaphonya akadali mu msinkhu wake. Katemerayu satseketsa kubereka, zimenezo ndi mphekesera chabe, pamene khansayo ndi imene ikupha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi. Mu May 2023 kunalinso kampeni ya katemera wa taifodi pamodzi ndi wa chikuku ndi rubella kwa ana osakwana zaka 15. Amabweranso ndi mankhwala a njoka za m'mimba ndi a likodzo. A likodzowo, praziquantel, amapereka poyeza kutalika kwa mwana pa ndodo, ndipo amafuna kuti mwana akhale atadya. Ana amene amachita chizungulire, kusanza ndi kupotokola m'mimba nthawi zambiri amakhala amene amwa ndi njala, kapena amene ali ndi tizilombo tambiri m'thupi, ndipo zimatha tsiku lomwelo. Mphumu siletsa kulandira zonsezi. Wa khunyu yekha ndiye ayenera kuonedwa kaye ndi adokotala asanamwe praziquantel, chomwe ndi chifukwa chinanso chosabisira matenda.

Udindo wina wa kholo ndi kusatumiza mwana wodwala matenda opatsirana, ngakhale tsiku lotsegulira litakwana. Hositelo ya ana ambiri ogona mothinana siichedwa kugawana matenda. Wa katsabola adikire mpaka matuza onse atauma n'kuchita nkhanambo. Wa chikuku akhale masiku 4 chitulukireni zidzolo, wa matsagwidi masiku 5 chiyambireni kutupa. Wa mphere adzole mankhwala thupi lonse kuchokera m'khosi kutsika, osati pamene pakuyabwa pokha, zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kusitidwa, ndipo ogona naye pafupi athandizidwe nthawi imodzi, apo ayi mphere zimangozungulira teremu yonse. Chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka chobwera ndi kuonda ndi thukuta la usiku, chikayezedwe TB. Kwa mwana wa mphumu apa mpofunika kusamala, chifukwa aliyense amangoti ndi mphumu yake ija. Kutsegula m'mimba kwamadzi kobwera mwadzidzidzi nthawi ya dzinja kutengedwe ngati kolera mpaka achipatala atanena zina: ayambe kumwa Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ali pa ulendo wa kuchipatala. Mukumbuka kuti mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira masukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera. Tsiku lokasiya mwana, kaoneni zimbudzi ndi pamene ana amatunga madzi akumwa, ndi ufulu wanu.

Sukulu nayo ili ndi zimene iyenera kukuchitirani. Ikudziwitseni tsiku lomwelo mwana akapita kuchipatala kapena akagona ku sick bay, isamupatse mankhwala amene sanalembedwe ndi achipatala kupatula a chithandizo choyamba, isunge chinsinsi cha matenda ake, ndipo isamutumize yekha pa minibasi akudwala kuti akachirire kunyumba. Chomalizachi chimachitika, ndipo n'choopsa kwa mwana wobanika kapena wa malungo. Nenani poyera tsiku loyamba kuti mwana wanu asadzakwezedwe galimoto musanalankhulane. Zikapanda kuyenda bwino, yambani ndi ahedi, kenako komiti ya makolo ndi aphunzitsi kapena bodi ya sukulu, ndipo zikakanika ofesi ya maphunziro ya chigawo. Dandaulo likhale lolemba, lokhala ndi tsiku ndi zimene zinachitika.

Masabata otsalawa, muphunzitseni mwanayo kudzisamalira. Atchule yekha maina a mankhwala ake ndi mlingo wake osayang'ana papepala, akuonetseni mmene amapoperera ndi botolo lija, ndipo adziwe kuti kudzutsa amatironi usiku si mlandu. Ana a Fomu 1 amaopa kuoneka ovuta, amapirira mpaka zitafika poipa. Akasankhe mnzake mmodzi wa bedi loyandikana amene adzadziwe pamene inhela imakhala ndi woti akamuitane. Mulembereninso nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, imene inu kapena amatironi mungaimbe kufunsa malangizo pamene mukukayika ngati nkhaniyo ndi yodikira kuche kapena yonyamuka usiku womwewo.